Katani ya Amayi Padenga

Chitsiriza ankatsuka mapanelo a sola pang'onopang'ono ndi mosamala. Ankaviika kansalu m'ndowa, kukafinya pang'ono, n'kukayendetsa pagalasi kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mzere umodziumodzi. Sankagwiritsa sopo kapena burashi, koma madzi okhaokha, dzuwa lisanayambe kutentha. Anamuphunzitsa choncho mnyamata amene anawaika padengapo, yemwe pakhomo pano aliyense ankangomutchula kuti Wasola.

Mapanelowo analipo asanu ndi limodzi, atandandalika padenga la simenti, pakati pa thanki ya madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Inali ntchito ya mphindi khumi. Koma m'mawa wa Loweruka limeneli theka la ola linatha iye akadali pa lachitatu, chifukwa akamaliza ankayenera kutsika, ndipo pansi panali mlandu.

Abambo ake anali atagamula dzulo lake pa chakudya chamadzulo. Wasola abwere masana adzazule magalasi akewo, jenereta ibwerere pamalo pake, ndipo mnyamatayo asadzapondenso pakhomo pano.

Nkhani yake inali mazira. M'chipinda cha kuseri abambowo anali ndi makina oswetsera anapiye. Kwa zaka zinayi, magetsi akathima, jenereta ndiyo inkapulumutsa mazira, ikubangula pawindo, utsi wa dizilo ukulowa mpaka m'mapilo. Miyezi itatu yapitayo Wasola anaika mapanelo ndi mabatire, nyumba inangoti zii, Amayi n'kusiya kukhosomola. Kenako mabatire anayamba kukana kudzaza masiku ena. Sabata yatha magetsi anathima masiku awiri, mabatire anafera panjira, mazira mazana atatu anazizira n'kusukusa.

"Wandigulitsa magalasi odziyang'anira wakuba ameneyu," anatero abambo.

Chitsiriza ankadziwa chimene chinkachitika, ndipo anachidziwa dzulo lomwelo. Mphunzitsi wawo wa zosoka anadwala, iye n'kubwerera kunyumba masana, zimene sankachita masiku onse. Atakwera padenga kukatenga diresi lake, anapeza mapanelo onse atafunditsidwa katani yakale ya pabalaza, yokhuthala, yamaluwa ofiira. M'makona munali njerwa, m'mbali muli zopanira zovala, popanda khwinya ngakhale limodzi. Munthu wofunditsa zinthu mwaukhondo chonchi analipo mmodzi yekha. M'nyumba mwawo wailesi inali ndi nsalu yake, furiji yake, ngakhale ayironi.

Anatsika osakhudza kanthu. Patebulo, abambo akugamula, anatsegula pakamwa kawiri konse, mawu n'kuthera pakhosi ngati masiku onse. Anali wotsiriza kubadwa, ndipo anakulira m'nyumba ya anthu okuwa. Zaka za jenereta aliyense ankalankhula mopikisana ndi injini, ndipo iye, ndi timawu take tating'ono, anangosiya kuyesa.

* * *

Achemwali ake anali pabedi akupaka zikhadabo, foni ili pantchafu.

"Munthu wako walemba," anatero osadzutsa mutu.

Foni ya Chitsiriza inagwera m'ndowa mwezi watha ali padenga pomwepo. Kuyambira pamenepo mauthenga a Wasola ankadzera pafoni ya achemwali, amene ankagwira ntchito ku saluni ndipo mawu sankawasowa.

"Akuti bwanji?"

Achemwali anakonza pakhosi n'kuwerenga ndi mawu aakulu achimuna. "'Muuzeni Kapitawo wa padenga kuti asadandaule. Ndifika dzuwa lili pamutu. Abambo akati ndizule, ndizula. Koma ndisamupeze akulira.' Ha! Kapitawo! Iwe amene nkhuku ikakuyang'ana umapepesa?"

"Ndibwerekeni ndiwayankhe."

"Ndamuyankha kale."

"Mwati chiyani?"

"Zimene iwe ukanatha chaka ukuzisakasaka. Uzindithokoza."

Chala cha achemwali chinatsetsereka pagalasi la foniyo, ndipo Chitsiriza anaona mauthenga akuthamanga, ambirimbiri, ataliatali, kuposa amene anawerengeredwa mwezi wonsewu. Anaonanso kuti achemwali avala bulauzi yatsopano ndipo adzithira mafuta onunkhira, pamene lero sankapita kulikonse.

"Ukuyang'ana chiyani? Pita ukathandize Amayi." Foni inalowa pansi pa pilo.

* * *

A Dizilo anafika nthawi isanakwane. Anali makaniko amene ankakonza jenereta ija zaka zonsezi, bambo wa kamimba ndi tcheni chagolide, ndipo kuchokera pamene sola inabwera ankadutsa pamsewu wawo nkhope atayang'ana kwina. Lero analowa akuimba mluzu. Anakoka jeneretayo kuitulutsa m'shedi n'kuyamba kuipukuta akuilankhula.

"Anakutaya, mayi wanga? Anakusinthanitsa ndi mawindo? Usalire, wabwerera kwanu."

Ataona Chitsiriza akutaya madzi a m'ndowa, anawongoka.

"Iwe kamwana, wakulatu! Ukadali kukwera padenga ngati mphaka? Zatha zimenezo. Ine makina anga amakhala pansi, ngati anthu. Ndipo ndawauza abambo ako kuti mtsikana wofatsa ngati iwe amafunika mwamuna wokhazikika, osati anyamata okhalira pamakwerero."

Chitsiriza anayang'ana ndowa yake, n'kulowa m'nyumba.

* * *

Nthawi itakwana teni koloko, Amayi anatsegula kabati ya m'kanjira n'kutulutsa katani ija itapindidwa bwino. Anali atafika pamasitepe pamene anamva kuti nsaluyo yakodwa. Atatembenuka anapeza Chitsiriza atagwira nsonga yake.

"N'chiyani iwe?"

"Amayi, tabwerani muone kaye."

"Ndione chiyani? Dzuwa lakwera, zinthu zikupsa kumwambaku."

Chitsiriza anasiya nsaluyo. Anawagwira dzanja n'kuwaimika kutsogolo kwa kabokosi ka pakhoma, kamene kankaonetsa mphamvu imene ikuchokera padenga. Analoza nambala imene inkawala pamenepo.

"Muziyang'ana apa. Osachotsa maso."

Anatenga katani, kuthamanga nayo padenga, n'kuiyala pamapanelo. Anawerenga mpaka makumi atatu, kuichotsa, kuwerenganso, kuiyalanso, kenako n'kuichotseratu. Atatsika nayo anapeza Amayi atakhala pa kampando ka kukhitchini, manja ali m'mutu.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ukayala nambala ikugwa, ukachotsa ikukwera. Mazira aja."

Chitsiriza anagwada pambali pawo.

"Galasi lija ndinaligwira tsiku lina masana, linandiwotcha dzanja," anatero Amayi. "Ndinati, chinthu chabwino chonchi chizipsa padzuwa tsiku lonse ngati chilibe mwini? Ndinafunsa a Dizilo pamsewu, anati galasi likatenthedwa kwambiri limang'aluka. Ndiye ndikakhala kuti sindili pantchito kuchipatala ndimalifunditsa, dzuwa likapendeka n'kuchotsa. Ndimati ndikusamala. Abambo ako ndi bondo lawolo sakwera, akanandiletsa ndani?"

Anapukuta maso ndi nsonga ya kataniyo, kenako anagwira mkono wa mwana wawo mwamphamvu.

"Usawauze. Wamva? Mazira aja anawalira ngati maliro. Ndingosiya basi, nkhani ithere pomwepa."

"Nanga... iwo aja?"

"Ndani?"

"Oika mapanelo."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, mpaka Chitsiriza anayamba kusewera ndi ulusi wa siketi yake.

"Ndi mnyamata," anatero kenako, mawu ali ofooka. "Nyumba zofuna sola n'zambiri."

* * *

Wasola anafika dzuwa lili pamutu monga ananenera, chikwama cha masipanala chili paphewa. Anali wamtali, woonda, ndipo malaya ake anali ositidwa ngati akupita kokafunsira ntchito. Chitsiriza anamudikira pansi pa masitepe. Kuseri a Dizilo ankakoka chingwe cha jenereta, iyo n'kumangotsokomola osalira.

"Kapitawo," anatero chapansipansi. "Maso afiira bwanji? Ndinati chiyani ine?"

"Ndikudziwa chimene chikuchitika."

"Inenso ndikudziwa."

Chitsiriza anadzutsa mutu.

"Kabokosi kaja kamasunga zonse," anatero Wasola. "Masiku ena mphamvu imagwa teni koloko ndendende n'kubwerera fili koloko ndendende. Mtambo ulibe wotchi. Ndiye tsiku lina ndinapeza chopanira zovala pansi pa panelo, chitaluma kaulusi kofiira. Nditalowa pabalaza n'kuona wailesi itavala diresi, ndinati basi, wapolisi wamaliza ntchito."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinayesa! Ndinaima pakhomo la khitchini n'kunena mokweza kuti, 'Amayi, mapanelo amakonda dzuwa kwambiri, likamawawotcha m'pamene amasangalala.' Iwo anati, 'Eya mwanawe,' n'kundipatsa tiyi. Ndinkati amva. Ndikanadziwa kuti magetsi athima masiku awiri ndikanalankhula mosazungulira. Pamenepo ndinalakwa."

"Nanga lero?"

"Lero ndizula."

"Koma si inu olakwa."

"Tandiuza, Kapitawo. Ndikaime pamaso pa abambo ako, a Dizilo akumvera, n'kunena kuti akazi anu ndi amene anaphetsa mazira? Kenako mawa ndivale jekete ndibwere kudzapempha mwana wawo? Mapanelo ndikhoza kudzaikanso. Koma mayi ukawachititsa manyazi m'nyumba mwawo, adzakumwetulira moyo wonse koma sadzaiwala."

Chitsiriza anamva kutentha kumaso. Ankafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka chinali chakuti, "Malaya anu ali bwino."

Wasola anaseka. Pamwamba pa mitu yawo, windo la kukhitchini linali lotsegula. Kale, jenereta ikulira, munthu ankatha kutukwana pansi pa windo limenelo osamveka. Lero madzi a pampopi, amene ankamveka kuyambira pamene Wasola anafika, anali atasiya.

* * *

Pabalaza abambo anakhala pampando wawo waukulu, ndodo ili pakati pa miyendo. A Dizilo anakhala pasofa, manja akuda ndi oyilo atawatambasula pamawondo. Achemwali anatsamira chitseko. Wasola anaimirira.

"Sindichulutsa mawu," anatero abambo. "Ndinakukhulupirira. Anzanga anandiseka kuti ndasiya injini n'kudalira mitambo, ine ndinati mwanayu ali ndi nkhope yoona. Lero ndilibe mwanapiye ngakhale mmodzi. Uli ndi chonena?"

"Ndilibe, bambo. Pepani chifukwa cha mazira. Ndizula."

"Mwaona?" anatero a Dizilo. "Ngakhale mwini wake akuvomera. Ine makina anga amanunkha, inde, amasokosa, inde, koma sanamizapo munthu."

Chitsiriza anali pakona, pafupi ndi furiji. Anakoka mpweya, kutsegula pakamwa, ndipo monga mwa masiku onse panalibe chimene chinatuluka.

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Amayi analowa atanyamula katani ija n'kuiponya patebulo, fumbi n'kuti buu.

"Abambo ake, wakupherani mazira ndi uyu ali patebuloyu. Ndipo womutuma ndine."

Anafotokoza zonse ataimirira, osayang'ana aliyense, kuyambira tsiku limene anapsa dzanja. Atafika pa malangizo a pamsewu aja, a Dizilo anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Ine ndinkangocheza, mayi."

"Macheza anu anali okwera mtengo," anatero Amayi. "Koma wofunditsa ndine. Ndipo mnyamata uyu wakhala akudziwa. Anali wokonzeka kuchoka pano ndi dzina la wakuba kuti ine ndisachite manyazi."

Abambo anayang'ana kataniyo. Anadzuka ndi ndodo yawo, kupita pakabokosi kaja, kukayang'ana, kenako n'kulunjika kumasitepe.

"Ababa, bondo!" anatero achemwali.

"Bondo ndi langa."

Anakwera sitepe imodziimodzi, banja lonse lili pambuyo ngati likuperekeza mfumu. Pamwamba anaima akupuma mwawefuwefu. Anayang'ana mapanelo akunyezimira, njerwa zinayi zitasanjidwa bwino pambali, ndi kabasiketi ka zopanira. Anakhala pansi pamthunzi wa thanki. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Chitsiriza anaganiza kuti akulira.

"Zaka makumi atatu," anatero, misozi ikutsika ndi kuseka. "Zaka makumi atatu ndakhala ndi mkazi wofunditsa ayironi. Ndinayenera kudziwa kuti tsiku lina adzafunditsa dzuwa!"

"Musandiseke pamaso pa ana."

"Ndikapanda kuseka ndilira, mayi ake. Mazana atatu!" Anapukuta maso, n'kuwakoka Amayi kuti akhale pambali pawo. "Utsi uja unkakudwalitsa. Usiku wonse ndakhala ndikudzifunsa kuti ndikubwezere bwanji chifuwa chija chifukwa cha nkhuku. Bola katani. Katani titha kuibisa."

Amayi anaseka akulira, n'kuwamenya paphewa. Chitsiriza anamva ngati wina wamutula mtolo umene anausenza kuyambira dzulo. Anatsamira thanki, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamva kuti padengapo pakuwomba kamphepo. Wasola anamuyang'ana n'kutsinzina diso limodzi.

"A Dizilo!" anakuwa abambo akuyang'ana pansi. "Ibwezereni m'shedi. Muziidzutsa kamodzi pamwezi kuti isaiwale ntchito, basi."

"Mudzandifuna nthawi ya mvula," anayankha a Dizilo. Koma jeneretayo anaikankha, ndipo potuluka mluzu sunamvekenso.

* * *

Chitsiriza anaphika tiyi manja ali opepuka. Anatulutsa makapu a alendo, aja okhala pansi pa nsalu yoluka, ndipo anadzipeza akung'ung'udza nyimbo. Polowa ndi thireyi pabalaza anapeza Wasola atakhazikidwa pasofa, pamalo pamene panali a Dizilo, chikwama chake chili pansi chosatsegulidwa.

"Ndinakutchula wakuba," abambo ankanena. "Mawu amenewo ndawameza. Ndi owawa, koma ndawameza."

"Zatha, bambo."

"Sizinathe. Ine ndine wokalamba koma si wakhungu. Mnyamata sasenza mlandu wa mayi wa eni popanda chimene akufuna m'nyumbamo." Anamwetulira n'kuloza ndi ndodo. "Foni ya mwana wanga wamkuluyu imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndikafunsa kuti ndani, akuti Wasola. Akaseka yekha kuchipinda, Wasola. Ndimafuna ndikuthamangitse pa zifukwa ziwiri, lero zonse zagwa. Uwauze akuluakulu akwanu abwere tidzadziwane. Wamkuluyu ndi wolongolola, koma mtima wake ndi wabwino."

Wasola anatsamwa. "Bambo, ine..."

"Usachite manyazi, tonse tinadutsa momwemo."

Chitsiriza anaima pakati pa balaza, thireyi ili m'manja. Anayang'ana achemwali, akudikira kuti aseke, awombe m'manja, anene kuti Ababa mwasokoneza, ine ndine wapositi chabe. Achemwali anaweramitsa mutu n'kumasalaza bulauzi yawo yatsopano, akumwetulira. Anayang'ana Amayi. Amayi ankadziwa, zinkaoneka m'maso mwawo, koma munthu amene wangokhululukidwa kumene sayamba kutsutsa mwamuna wake ola lomwelo. Anayang'ana Wasola, amene ankayesa kachiwiri, abambo n'kumudulanso ndi dzanja. Ulendo uno panalibe wina woti atulukire pachitseko kudzamulankhulira.

Chitsiriza anagwiritsitsa thireyi.

"Ababa."

Palibe anatembenuka.

"Ababa! Si achemwali. Ndine."

Abambo anatembenuka pang'onopang'ono, ngati kuti furiji ndiyo yalankhula.

"Wati chiyani, Chitsiriza?"

"Foni yanga inagwera m'madzi. Mauthenga aja ankabwera kwa ine."

"Poyamba," anatero achemwali. Kumwetulira kuja kunali kutachoka. "Poyamba ankabwera kwa iwe. Koma wayankha ndani mwezi wonsewu? Atadwala malungo, anamufunsa ndani kuti wamwa mankhwala? Atalemba za malemu mayi ake, anamutonthoza ndani? Iwe unkangoti, 'Muwauze kuti zikomo.' Mufunseni, Ababa. Amene wakhala akucheza naye n'kumaseka naye, ndi uyu kapena ine?"

Nkhope ya Wasola inasintha. Anayang'ana achemwali, kenako Chitsiriza, ndipo Chitsiriza anaona kuti mnyamatayo sankadziwa kuti womuyankha anali achemwali. Za malungo Chitsirizayo sanauzidwe. Za mayi akenso ankazimva koyamba.

Anaika thireyi patebulo bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Atawongoka, mawu ake anali aang'ono ngati kale, koma sanathere pakhosi.

"Mawu anali anu, achemwali, sindikukana. Munandibisira, ndipo zimenezo tikambirana awiri. Koma iye ankalembera ine. Ndakhala chete m'nyumba muno moyo wanga wonse, ndipo lero pang'onong'ono kukhala chete kwangako kukanamuthamangitsa. Ababa, Amayi, munthu uyu ndimamukonda. Ngati wasintha maganizo, anene yekha, pompano, ine ndikumva. Koma inu achemwali, munthuyu ine sindikusiyirani."